Kodi ndi diso la munthu limene limagwetsa wavefunction?

Funso: Ndakhala ndikuwerenga za quantum mechanics, sayansi ya tinthu ting'onoting'ono kwambiri monga maatomu, pandekha, ndipo pali chinthu chimene chandiimitsa mutu. Akuti elekitironi imatha kukhala m'malo angapo nthawi imodzi, koma ikangoyezedwa wavefunction yake imagwa, n'kupezeka pamalo amodzi. Chimaigwetsa n'chiyani? Ena akuti ndi maganizo a munthu amene akuyang'anayo. Kodi n'zoona? Nanga ngati sayansiyi imapereka mayankho olondola nthawi zonse, akatswiri amati pali vuto chifukwa chiyani?

Yankho: Zikomo chifukwa cha funso lanuli. Ndiyambe ndi mbali yosakayikitsa. Palibe kafukufuku aliyense amene anasonyezapo kuti pamafunika diso kapena ubongo wa munthu kuti elekitironi ipezeke pamalo amodzi. Makina amayeza okha usiku wonse m'labotale mulibe munthu, ndipo zotsatira zake sizisiyana ndi za masana anthu ali pomwepo. Koma pa funso loti chimagwetsa wavefunction n'chiyani, ndiponso ngati imagwadi n'komwe, akatswiri sanamvanebe patatha zaka pafupifupi 100. Gwero la mkanganowu ndi malamulo awiri otsutsana amene ali m'buku limodzi, popanda lamulo lachitatu lotiuza kuti apa gwiritsani ili, apo gwiritsani ilo.

Lamulo loyamba ndi equation imene Erwin Schrödinger anatulutsa mu 1926. Wavefunction ndi masamu osunga zonse zimene sayansiyi inganene za kanthu: pamalo aliwonse pamene elekitironi ingapezeke, wavefunction ili ndi nambala yake. Equation ya Schrödinger imanena mmene nambalazi zimasinthira nthawi ikamapita, ndipo zimayenda monga funde, mosadumpha. Zamwayi mulibemo. Mukaidziwa wavefunction lero, mutha kuwerengera mmene idzakhalire mawa ndi mmene inalili dzulo. Ilinso ndi khalidwe lina limene ndikupempha kuti mulisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ngati equation ikuvomereza mkhalidwe A, n'kuvomerezanso mkhalidwe B, ndiye kuti ikuvomereza A wophatikizana ndi B, ndipo mbali iliyonse imapitiriza ulendo wake ngati kuti inzake kulibe. Kuphatikizana kumeneku ndiko kumatchedwa superposition.

Lamulo lachiwiri linayamba chaka chomwecho ndi Max Born. Mukayeza simupeza funde lomwazikana ayi, mumapeza elekitironi yathunthu pamalo amodzi, ndipo mwayi woipeza pamalo akutiakuti umachokera pa kukula kwa wavefunction pamalopo mutakuchulukitsa ndi iko komwe. Mfundo ya kuchulukitsayi Born anachita kuiwonjezera m'mawu a m'munsi pepala lake lili kale kosindikiza, ndipo mphoto ya Nobel anadzailandira mu 1954. Mukaipeza elekitironi apa n'kuyezanso nthawi yomweyo, muipeza pomwepo. Choncho wavefunction yomwazikana ija iyenera kutayidwa, n'kulemba yatsopano younjikana pamalo amodzi. Kumeneko ndiye kugwa kwa wavefunction. Kumabwera mwadzidzidzi, n'kwamwayi, ndipo sikubwezeka. John von Neumann m'buku lake la 1932 anaika njira ziwirizi moyandikana osabisa kanthu: ina ya nthawi imene kanthu kasiyidwa pakokha, ina ya nthawi imene kakuyezedwa.

Ambiri akamva izi amati, nanga chachilendo n'chiyani? Ndikaponya ndalama yachitsulo m'mwamba n'kuiphimba ndi dzanja ndisanaione, ndimati mwayi ndi theka ndi theka. Ndikachotsa dzanja mwayi uja watha, koma ndalamayo inali itagona kale mbali imodzi, wosadziwa ndinali ine. Zikanakhala choncho bwenzi tilibe chokambirana. Chimene chimakana maganizo amenewa ndi kafukufuku wa timipata tiwiri.

Mumaombera maelekitironi pa chotchinga chokhala ndi timipata tiwiri, ndipo kuseri kwake kuli sikirini yoonetsa kadontho pamene elekitironi yamenya. Claus Jönsson anachita zotere ku Tübingen mu 1961. Mu 1989 gulu la Akira Tonomura la ku Hitachi linazijambula maelekitironi akubwera imodziimodzi, motalikirana kwambiri moti awiri sakanakumana m'njira (iwo anagawa njira pawiri ndi kawaya kopyapyala, koma mfundo ndi yomweyo). Poyamba timadontho timaoneka tongomwazika chisawawa, kena uku kena uko. Tikafika masauzande ambiri pamayamba kuoneka mizere: apa tachulukana, apa palibe, apa tachulukananso. Tsono yang'anitsitsani amodzi mwa malo opanda kanthuwo. Mukatseka kampata kakumanja, maelekitironi amafikapo. Mukatseka kakumanzere, amafikaponso. Mukatsegula tonse tiwiri, amasiya kufikapo. Njira mwawonjezera, koma ofika atheratu. Elekitironi iliyonse ikanakhala kuti imadzera kampata kamodzi osalabadira kenako, ife n'kungokhala osadziwa kuti ndi kati, zimenezi sizikanatheka. Masamu amati mbali ya wavefunction yodzera kumanzere ndi yodzera kumanja zimakumana pamalopo ina ili pokwera ina ili potsika, n'kufafanizana. Kusadziwa kwa munthu sikungafafanize kadontho pa sikirini.

Tsopano ikani kachipangizo pa timipatapo koti kazionetsa kumene elekitironi yadzera, kokhala ndi muvi woloza kumanzere kapena kumanja. Mizere ija imatha. Buku limati mwayeza, wavefunction yagwa, nkhani yathera pomwepo. Koma tadikirani. Kachipangizoko n'kopangidwa ndi maatomu, ndipo maatomu amamvera equation ya Schrödinger. Ndiye tiyeni tikalowetse m'masamu momwemo pamodzi ndi elekitironi. Elekitironi ikakhala yodzera kumanzere, muvi uloza kumanzere, apo ayi kachipangizoko n'kakufa. Ikakhala yodzera kumanja, uloza kumanja. Nanga ikabwera ili mu superposition? Khalidwe ndinati mulisunge lija likuyankha lokha, ndipo silisiya pozembera: chotuluka ndi "elekitironi kumanzere, muvi kumanzere" chophatikizana ndi "elekitironi kumanja, muvi kumanja". Palibe chagwa. Superposition yangokula, yameza ndi muvi womwe. Bweretsani kamera ijambule muviwo, nayo yalowa momwemo. Kompyuta yosunga chithunzicho yalowa, diso lanu lalowa. Lamulo loyamba mukalitsata mokhulupirika silifika pena poti chotsatira chimodzi chatsala, chinzake chafa. Komatu m'labotale muvi timaupeza ukuloza mbali imodzi nthawi zonse.

Limeneli ndiye vuto la kuyeza. Lamulo lachiwiri limati ligwiritsidwe ntchito pamene kuyeza kwachitika, koma kuyeza ndi maatomu kukhudzana ndi maatomu anzawo basi, ndipo zimenezo ndi za lamulo loyamba. Mphaka wa Schrödinger wa mu 1935 anabwera kudzaonetsa zomwezi. Mphaka ali m'bokosi lachitsulo pamodzi ndi kachidutswa ka chinthu cha radioactive, kochepa kwambiri moti pa ola limodzi mwina atomu imodzi isweka mwina ayi. Ikasweka, Geiger counter (chipangizo chozindikira kusweka kwa atomu) imasula kahamala, kahamalako kaphwanya botolo la poizoni. Schrödinger sankaphunzitsa kuti mphaka amakhala wamoyo ndi wakufa nthawi imodzi. Ankachita kunyogodola, kuti taonani kumene masamu akutifikitsa tikawatenga monga alili. Zimandimvetsa chisoni kuti mphakayu anatchuka ngati chiphunzitso pamene mwini wake anamubweretsa ngati dandaulo.

Niels Bohr ndi Werner Heisenberg, amene maganizo awo amatchedwa a Copenhagen, anati zipangizo zoyezera tizizifotokoza ndi fizikisi yakale, ndipo penapake pakati pa choyezedwa ndi woyeza tidule mzere: mbali iyi ya wavefunction, mbali iyo ya zinthu zooneka ndi maso. Mzerewo mutha kuusuntha, bola musauyandikize kwambiri kwa elekitironi, ndipo mayankho sasintha. Apa mpamene pali yankho la funso lanu lomaliza lija. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku palibe amasokonezeka kuti kuyeza kwachitika liti, n'chifukwa chake ma transistor, ma laser ndi makina a MRI zinapangidwa vutoli lili chikhalire. Pa mphamvu ya maginito ya elekitironi, masamu ndi zoyeza zimagwirizana mpaka pafupifupi gawo limodzi pa thiriliyoni. Mu 1989 David Mermin anafupikitsa khalidwe limeneli monyodola kuti ndi "tseka pakamwa, uwerengere". John Bell sizinkamukomera m'pang'ono pomwe. M'nkhani yake ya 1990 anafunsa ngati wavefunction ya dziko lonse inadikira zaka mabiliyoni kuti idumphe mpaka kachamoyo ka selo imodzi kataoneka, kapena inadikirabe wina woyenerera bwino, wokhala ndi PhD. Ine ndili kumbali ya Bell. Lamulo la chilengedwe lodalira malire amene palibe angawaloze ndi lamulo losamalizidwa, ligwire ntchito bwino chotani.

Nanga za maganizo a munthu zinachokera kuti? Sanazipeke ndi anthu wamba. Von Neumann anaona kuti mzere uja ungasunthidwe kuchoka pa chipangizo kupita pa diso, kuchoka pa diso kulowa mu ubongo, ndipo chotsala kumapeto kwake ndi kuzindikira kwa woyezayo. Fritz London ndi Edmond Bauer analemba zoyandikira pamenepo mu 1939, ndipo mu 1961 Eugene Wigner anazinena mosapsatira. Tiyerekeze kuti mnzake wa Wigner ali m'labotale yotseka, wayeza ndipo waona chotsatira. Wigner ali panja, masamu ake akuti labotale yonse pamodzi ndi mnzakeyo ili mu superposition. Akamufunsa, mnzakeyo anena kuti anaona chinthu chimodzi kalekale chitseko chisanatsegulidwe. Wigner anagamula kuti kuzindikira kwa mnzakeyo n'kumene kunagwetsa wavefunction. Koma iye yemweyo anadzazisiya pambuyo pake, ndipo lero asayansi ozikhulupirira ndi ochepa zedi. Maganizo amenewa alibe equation, sanena kuti kuzindikira kumayambira pa ndani, kaya pa khanda kaya pa mphaka uja, ndipo salosera chilichonse chimene tingakachiyeze n'kuchipeza chosiyana. M'miyala ina muli timizere timene maatomu a uranium anasiya posweka zaka mamiliyoni ambiri munthu asanakhaleko. Wamakani anganene kuti timizereto tinadikira katswiri wa miyala kuti tikhale tenitenti, koma akatero wachoka m'bwalo la zinthu zoyeseka.

Chimene chinathandiza kumusintha Wigner maganizo ndi ntchito ya H. Dieter Zeh, amene mu 1970 anakumbutsa anzake chinthu chimene ankangochidumpha: chinthu chachikulu sichikhala pachokha. Mpweya ukuchigunda, kuwala kukuchimenya, icho chikutulutsa kutentha, ndipo chilichonse chochikhudza chimachoka chitanyamula kachizindikiro ka pamene chinthucho chili. Zeh, Erich Joos ndi Wojciech Zurek anaziwerengera bwino m'zaka za m'ma 1980, ndipo zimatchedwa decoherence. Mbali ziwiri za wavefunction zimafafanizana pokhapokha ngati zikufanana pa china chilichonse. Pakangokhala kanthu kamodzi kosiyanitsa "yadzera kumanzere" ndi "yadzera kumanja", kaya ndi muvi kaya ndi fotoni (kachidutswa kakang'ono kwambiri ka kuwala) imodzi yosochera, mizere imatha. Ena amaphunzitsa kuti mizere imatha chifukwa kuyeza kumakankha elekitironi mwamphamvu. Kukankha kumakhalapo nthawi zina, koma chofunika kwenikweni ndi chizindikiro chotsalacho.

Zimenezi zinaoneka ndi maso ku Vienna. Mu 1999 gulu la Markus Arndt ndi Anton Zeilinger linaonetsa mizere ija ndi mamolekyu a C60, timipira ta maatomu 60 a kaboni. Mu 2004 anatenga a C70 n'kumawatenthetsa ndi laser asanalowe m'timipata. Ali osatentha kwambiri mizere inkaoneka bwinobwino. Kutentha kukamakwera kulowera ku madigiri 3,000 pa sikelo ya Kelvin, molekyu iliyonse inkayamba kulavula mafotoni monga chimachitira chinthu chilichonse chotentha, ndipo mizere inkazimiririka pang'onopang'ono mpaka kutheratu. Mafotoniwo palibe anawagwira kuti afufuze njira ya molekyu. Anangopita kukathera m'makoma a chipangizocho. Koma iliyonse inanyamula chizindikiro cha pamene molekyu inali, ndipo zimenezo zinakwanira. Kuzimiririkako kunagwirizana ndi zimene masamu analosera, ndipo woyang'ana anali yemweyo, pa mamolekyu ozizira ndi pa otentha. Serge Haroche anali ataona kale decoherence ikuchitika pa kuwala kotsekeredwa pakati pa magalasi ku Paris mu 1996, ndipo analandira Nobel mu 2012 pamodzi ndi David Wineland. Kwa kafumbi kouluka mumpweya zonsezi zimatha m'kanthawi kochepa moti palibe wotchi ingakayeze. Ngakhale mutakakaika kutali m'mlengalenga, kuwala kozizira kotsalira kwa Big Bang n'kokwanira kugwira ntchitoyo.

Ambiri amaima pamenepa n'kunena kuti vuto latha. Ine ndikuti latha theka. Decoherence yonse imatuluka mu equation ya Schrödinger, ndipo taona kale kuti equation imeneyi sitaya mbali iliyonse. Ikamaliza ntchito yake mbali ziwiri zija zilimobe m'masamu, kungoti zasiya kukhudzana, ndipo kuti muzikumanitsenso mungafunike kutolera fotoni iliyonse ndi molekyu iliyonse ya mpweya imene inathawa. Zimenezi zikutifotokozera chifukwa chake amphaka saonetsa mizere, chifukwa chake zinthu zazikulu zimaoneka zili pamalo, ndi chifukwa chake mzere wa Heisenberg umasunthika osalakwitsa yankho. Limenelo ndi phindu lalikulu. Koma sizikutiuza chifukwa chake pa mbali ziwiri zimene zilipo ife timapeza imodzi, kapena kuti inayo yapita kuti.

Tim Maudlin mu 1995 anaika vutoli m'njira imene ndimaikonda, chifukwa imakakamiza aliyense kulipira kenakake. Pali mfundo zitatu zimene sizingakhale zoona zonse pamodzi: yoti wavefunction imanena zonse za kanthu, yoti nthawi zonse imatsata equation ya Schrödinger, ndi yoti kuyeza kulikonse kumakhala ndi chotsatira chimodzi. Imodzi iyenera kutayidwa, ndipo imene mwataya ndiyo imakuikani m'gulu lanu.

Louis de Broglie mu 1927, kenako David Bohm mu 1952, anataya yoyamba. Kwa iwo elekitironi ili ndi malo enieni nthawi zonse ndipo imadzera kampata kamodzi, koma funde limadzera tonse tiwiri n'kumaiwongolera, kuipatutsa pa malo opanda kanthu aja. Muvi nawo uli ndi malo ake enieni, choncho chotsatira ndi chimodzi ndipo palibe chimagwa. Mtengo wake ndi woti zochitika kuno zimakhudza kanthu kali kutali nthawi yomweyo, zimene zimavuta kuziyanjanitsa ndi relativity ya Einstein, chiphunzitso chonena kuti palibe uthenga ungayende kuposa liwiro la kuwala. Koma musafulumire kumuweruza Bohm yekha pa mlandu umenewu. Kugwa kwa wavefunction nako kuli ndi nthenda yomweyo, ndipo Einstein anaitchula pa msonkhano wa Solvay ku Brussels mu 1927: funde lamwazika pa sikirini yonse, kadontho kaoneka pamalo amodzi, nanga malo ena onsewo adziwa bwanji nthawi yomweyo kuti asaonetse kanthu? Mu 1964 Bell anasonyeza ndi masamu kuti chiphunzitso chilichonse chopatsa tinthu mikhalidwe yobisika, chikakana kukhudzana kwa patali kumeneku, chidzalosera zosiyana ndi quantum mechanics. John Clauser anakayeza mu 1972, Alain Aspect mu 1982, gulu la ku Delft mu 2015 pa maelekitironi otalikirana makilomita 1.3, ndipo nthawi zonse quantum mechanics ndiyo inapambana. Nobel ya 2022 inapita kwa Clauser, Aspect ndi Zeilinger pa ntchito imeneyi. Ngakhale zili choncho, palibe angatumize uthenga woposa liwiro la kuwala podzera pamenepa, poti woyeza sasankha chotsatira chake.

Hugh Everett, ali wophunzira wa John Wheeler ku Princeton, anataya mfundo yachitatu, ya chotsatira chimodzi ija, mu 1957. Iye anati ikhulupirireni equation mpaka kumapeto. Mbali zonse ziwiri zilipodi: m'mbali ina muli inu amene mwaona muvi kumanzere, m'mbali inayo muli inu amene mwauona kumanja, ndipo monga anadzafotokozera omutsatira, decoherence ndiyo imatseka njira pakati pa awiriwa. Bryce DeWitt ndi amene anazitchukitsa cha m'ma 1970 ndi dzina la maiko ambiri. Anthu amaipidwa ndi kuchuluka kwa maikowo, koma kwa ine limenelo si dandaulo lamphamvu, chilengedwe sichinalonjeze kuti chidzakhala chaching'ono. Pamene pamandivuta m'pa mwayi. Ngati masamu a Born akuti mwayi wa kumanzere ndi 90 pa 100, koma zonse ziwiri zichitika ndithu, 90 ameneyo akutanthauza chiyani? David Deutsch ndi David Wallace anayesa kuyankha podzera m'masamu a mmene munthu wanzeru amasankhira zochita. Ena anakhutira. Ine ndimaona ngati yankholo limalowetsa mwakachetechete chinthu chomwecho chimene likufuna kutsimikizira.

Gulu limene ndimalipatsa ulemu wapadera ndi lotaya mfundo yachiwiri, chifukwa linadziika poyera, poti lingathe kugwidwa ngati likulakwa. Mu 1986 Giancarlo Ghirardi, Alberto Rimini ndi Tullio Weber anati kugwa kwa wavefunction ndi chinthu chenicheni chochitika chokha, woyeza alipo kapena palibe. Kanthu kalikonse kakang'ono, mwa apo ndi apo, wavefunction yake imaunjikana yokha pa kadera kokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10,000 a milimita. Kwa kanthu kamodzi zimachitika kamodzi pa zaka zoposa 100 miliyoni, n'chifukwa chake maelekitironi a Tonomura sanazionetse. Koma muvi wa chipangizo uli ndi tinthu tokwana pafupifupi 1 wotsatiridwa ndi maziro 23, tonse tomangana, ndipo kamodzi kakagwa kamakokera tinzake tonse. Mukawerengera mupeza kuti zimachitika ka 10 miliyoni pa sekondi imodzi. Muvi sungakhale mbali ziwiri kwa nthawi yoti diso lione, ndipo mzere wodula uja wasowa ntchito. Lajos Diósi ndi Roger Penrose anabwera ndi ganizo lapachibale, loti chimagwetsa wavefunction ndi gravity, mphamvu imene imakokera zinthu pansi.

Popeza maganizowa asintha equation, amalosera zinthu zimene quantum mechanics wamba salosera. Kugwa kwa apo ndi apoko kuyenera kumagwedeza tinthu tokhala ndi mphamvu ya magetsi, ndipo tinthu totere tikagwedezeka timatulutsa kuwala. Ndiye kuti chitsulo chongokhala phee chiyenera kumatulutsa ma X-ray kapena ma gamma ray ochepa zedi. Asayansi anakaika chipangizo cha germanium m'labotale ya pansi pa phiri la Gran Sasso ku Italy, kumene thanthwe la mamita pafupifupi 1,400 limatchinga cheza chochokera kumwamba, anachikuta ndi mkuwa ndi mtovu, n'kudikira pafupifupi miyezi iwiri. Zotsatira zinatuluka mu 2020. Kuwala kumene anapeza kunali kochepa kwambiri poyerekeza ndi kumene mtundu wosavuta wa ganizo la Diósi ndi Penrose unkafuna, ndipo mtundu umenewo unafera pomwepo. Mitundu ina ikadali ndi popumira, koma mpatawo ukucheperachepera.

Palinso amene amakana kuti wavefunction ndi chinthu chopezeka kunjaku. Kwa Christopher Fuchs ndi anzake a QBism, ndi kaundula wa zimene woyeza akuyembekezera, ndipo kugwa kwake ndi kusintha kwa chiyembekezocho akaona chotsatira. Carlo Rovelli mu 1996 anati mikhalidwe ya kanthu imakhalapo poyerekeza ndi kanthu kena, moti Wigner ndi mnzake onse akunena zoona, aliyense kumbali yake. Maganizowa amachotsadi litsipa la kugwa, koma ndikafunsa kuti nanga chikulepheretsa maelekitironi kufika pamalo opanda kanthu paja n'chiyani, yankho lawo silindikhutitsa.

Mukafuna kudziwa pamene ine ndaima: pophunzitsa ndi powerengera ndimagwiritsa ntchito lamulo la kugwa mosanyinyirika, chifukwa limapereka mayankho olondola mwachangu. Koma sindikhulupirira kuti chilengedwe chili ndi lamulo lapadera la zinthu zimene ife tazitcha zoyezera. Ngakhale zina zooneka ngati kudumpha kwadzidzidzi, ukaziyang'ana pafupi, zimatenga nthawi. Mu 2019 gulu la ku Yale linaona chizindikiro choti atomu yochita kupanga yatsala pang'ono kudumpha kuchoka pa mlingo wina wa mphamvu kupita pa wina, linaigwira ili pakati pa ulendowo, n'kuibweza. Ndipo musaganize kuti okayika ndi ochepa. Mu 2025 magazini ya Nature inafunsa asayansi oposa 1,100 kuti amatsata maganizo ati, ndipo a Copenhagen, ngakhale anatsogola, anapeza 36 pa 100 okha.

Chimene chingasunthe nkhaniyi ndi kukulitsa superposition. Mu 2019 gulu la Arndt linaonetsa mizere ndi mamolekyu a maatomu okwana 2,000, olemera kuposa maatomu 25,000 a hydrogen, ndipo equation ya Schrödinger sinaphonye. Ena akuyesa ndi timipira tagalasi toyandama pa kuwala kwa laser. Makompyuta a quantum nawonso ndi mayeso omwewa mwa njira ina, poti ntchito yawo yonse ndi kusunga superposition ya tinthu tambiri kwa nthawi yotalikirapo. Mizere ikadzazimiririka pa chinthu chotetezedwa bwinobwino ku mpweya, kutentha ndi kuwala, pamene masamu a decoherence akuti iyenera kuoneka, tidzadziwa kuti kugwa ndi chinthu chenicheni ndipo tidzayeza kuchuluka kwake. Ikamapitiriza kuoneka pa zinthu zokulirakulira, gulu la Ghirardi lidzasowa poima, koma Bohm, Everett ndi QBism adzatsalabe onse, chifukwa pa zoyesa zonsezi amalosera nambala zofanana.